Kunena chibowo cha firmware mwachinsinsi pa GitHub: njirayi ikugwira bwanji ntchito

Amisiri amene mumaika ma rauta m'malo ogona alendo ku Monkey Bay, Cape Maclear ndi pa boma pa Mangochi, tsiku lina mudzapeza chibowo cha chitetezo mu firmware (pulogalamu ya mkati yoyendetsa rauta): tsamba la admin lotseguka popanda pasiwedi, kapena telnet (khomo lolamulira rauta muli kutali) yosiyidwa yoyaka. Mukachilemba pa Issues, tsamba la madandaulo la pulojekiti ya firmwareyo pa GitHub (webusaiti yosungirako code), ndiye kuti mwauza wakuba pamene pabisidwa kiyi, chifukwa aliyense amawerenga pamenepo. N'chifukwa chake tikuyamikira Private vulnerability reporting ya GitHub, njira yonenera chibowo mwachinsinsi, imene inayamba kuyesedwa mu 2022 n'kutsegulidwa kwa onse mu 2023. Pa mapulojekiti apoyera ndi yaulere.

Mumalowa pa Security ya pulojekitiyo n'kudina "Report a vulnerability". Zimene mwalemba amaziona ndi inuyo ndi osamalira pulojekiti basi. Fomu yake imafunsa chidule, tsatanetsatane, njira yosonyezera vutolo ndi zimene woipa angachite nalo. Apa ndi pamene malipoti ambiri amafooka. Pa firmware sikokwanira kungoti "rauta ili ndi vuto". Tchulani dzina la bodi, revision yake, commit (version ya code) imene munamangira ndi config yanu, popeza code imodzi imachita mosiyana pa mabodi awiri. Ikaninso log ya pa UART, doko la serial la pa bodi. Mabodi ambiri amalankhula pa liwiro la 115200 baud ndi 3.3V, ndipo adaputa ya 5V ikhoza kuwotcha chipu. Musanatumize, fufutanimo mapasiwedi ndi ma IP a kasitomala.

Chimene tachikonda kwambiri ndi temporary private fork, kope lachinsinsi la code la kanthawi kochepa. Osamalira amakonzera chibowocho mobisa, inu mukuyesa nawo, ndipo angapemphe nambala ya CVE (yozindikiritsa chibowo padziko lonse) pomwepo poti GitHub ili ndi chilolezo chopereka manambalawa. Dzina lanu limalembedwa pa advisory, chilengezo cha chibowocho, ngati mwavomera.

Zofooka zilipo. Batani lija limaoneka pokhapokha eni pulojekiti atalitsegula. Likasowa, werengani fayilo ya SECURITY.md yofotokoza kumene munganene chibowo, kapena funsani poyera adiresi yolemberako osatchula vutolo. Chachiwiri, CI (makina omanga ndi kuyesa code paokha) siyigwira ntchito mu fork yachinsinsiyo. Kwa pulojekiti yomangira mabodi ambirimbiri limeneli ndi vuto lenileni: chigamba chiyenera kumangidwa ndi kuyesedwa pamanja, ndipo bodi imene palibe ali nayo pa tebulo imatsala yosayesedwa. Fomuyo inakonzedwanso poganizira mapaketi a code monga a npm ndi pip, choncho firmware ya C imangogwera pa "Other".

GitHub siyikakamiza aliyense kuyankha. Gwirizanani tsiku loulula kuyambira pachiyambi. Ambiri amatsata masiku 90. Ndipo yesani pa chipangizo chanu chokha, osati cha loji ya eni ake, chifukwa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa kulowa mu makina a wina popanda chilolezo.

Njirayi tikuilimbikitsa ndi mtima wonse, koma dziwani pamene ntchito yake imathera. Advisory ikatuluka, akuba nawonso aiwerenga, pamene rauta ya ku Makanjira ikadali ndi firmware yakale. Sungani mndandanda wa zipangizo zonse zimene munaika ndi version yake, yang'anani SHA256 (nambala yotsimikizira kuti fayilo sinasinthidwe) ya image yatsopano ya firmware, ndipo muziflasha ndi chingwe cha LAN rauta ili pa UPS (batire yothandiza magetsi akathima), chifukwa magetsi akathima pakati ikhoza kufa osayakanso.