Kabuku ka mayina a angelo: theka loyamba ndi ufa woyera, lachiwiri ndi madeya

Ndakapatsa nyenyezi 3 mwa 5.

Ndinakagula pa tebulo la mabuku pafupi ndi renki ya makombi ya Copacabana mu Harare, pa madola 4. Mwana wanga anali woyembekezera, ndipo iye ndi mkamwini anati, "Amayi, dzina mudzatche ndinu, koma likhale la mngelo." Ine ndinakulira mu CCAP kuno ku Mufakose, ndipo angelo amene ndinkawadziwa mayina anali awiri basi, Mikaeli ndi Gabrieli. Sindinafune kupatsa mdzukulu dzina losadziwa kumene lachokera. Kabukuka ndi ka Chingerezi, masamba ake sakwana 100, pepala n'lopyapyala moti zilembo za kuseri zimaonekera. Chikuto chinayamba kumatuka sabata yachiwiri.

Theka loyamba linandigwira mtima. Wolemba wayambira pa kachidutswa kakuti "El" kamene kali kumapeto kwa mayina ambiriwa, kuti m'Chihebri ndiye Mulungu. Choncho dzina la mngelo silitama mngeloyo, limaloza kwa amene wamutuma. Gabrieli ndi "Mulungu ndiye mphamvu yanga". Rafaeli ndi "Mulungu wachiritsa". Urieli ndi "Mulungu ndiye kuwala kwanga". Koma pa Mikaeli ndinaika kabukuka pansi n'kukhala chete, chifukwa zaka zonsezi sindinkadziwa kuti dzinali ndi funso: "Ndani afanana ndi Mulungu?" Ndinakumbukira azakhali anga omwe anali Ndiuzayani. Ifenso timatcha ana mayina omwe ndi funso, ndipo woitana aliyense amafunsanso funsolo tsiku ndi tsiku.

Sindinangokhulupirira. Ndinatenga Baibulo n'kufufuza ndime iliyonse imene watchula. Mikaeli ndinamupeza pa Danieli 10:13 ndi 12:1, pa Yuda 9 ndi pa Chivumbulutso 12:7. Gabrieli ali pa Danieli 8:16 ndi pa Luka 1, pamene akulankhula ndi Zekariya kenaka Mariya. Zonse zinagwirizana. Rafaeli sindinamupeze, koma kabukuka kanali katanena kale kuti ali m'buku la Tobiti, limene lili m'Baibulo la Akatolika. Urieli ali m'buku la Enoki, limene mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia umaliwerengera m'Malemba. Kafotokozanso kuti mu 745 msonkhano wa mabishopu ku Roma unaletsa kupemphera potchula angelo ena kupatula Mikaeli, Gabrieli ndi Rafaeli. Atatu omwewa ndi amene Akatolika amawakumbukira pa 29 Seputembala.

Tsamba limene ndaliwerenga kangapo ndi lonena kuti angelo a m'mabuku akale a Baibulo analibe mayina. Manowa, bambo wa Samsoni, atafunsa mngelo dzina pa Oweruza 13, mngeloyo anamubweza kuti afunsiranji, popeza dzinalo n'lodabwitsa. Mayina akuyamba kumveka ndi Danieli, ndipo arabi achiyuda mu Talmud, mabuku a ziphunzitso zawo, ananena okha kuti mayina a angelo anabwera ndi anthu pochokera ku ukapolo ku Babulo. Zimenezi sindinazimvepo pa guwa.

Mutu wa Chisilamu ndinauwerenga pamodzi ndi aneba anga achiyao, pakhonde pawo. Anavomereza kuti Jibril ndi Mikail, omwe ndi Gabrieli ndi Mikaeli, ali mu Korani, sura 2. Tinasangalala tonse kuona kuti liwu lawo lakuti malaika n'lapachibale ndi dzina la mneneri Malaki, "mthenga wanga". Koma atafika pa Azrael anapukusa mutu. Kabukuka kakuti dzinalo lili mu Korani, pamene Korani imangoti Malak al-Mawt, mngelo wa imfa, osamutcha dzina. Chikhala kuti aneba panalibe, ndikanachimeza cholakwacho.

Theka lachiwiri ndi limene lachotsetsa nyenyezi ziwiri. Muli mndandanda wa mayina 72, ndipo mzere umodzi wokha ndi umene ukunena kuti ndi a Kabbalah, chiphunzitso chachinsinsi cha Ayuda, opangidwa ndi zilembo za Eksodo 14:19-21, ndime zitatu za zilembo 72 iliyonse m'Chihebri. Apa m'pamene ndinkafuna kuti wolemba akhazikike afotokoze. M'malo mwake wathamangira kugawira munthu mngelo malinga ndi tsiku lobadwa, mtundu wa kandulo woyatsa ndi manambala amwayi, popanda kunena kumene wazitenga. Zinandipweteka, chifukwa mu Harare muno anthu ovutika akulipira kale ndalama zambiri kwa ogulitsa madzi ndi mafuta odalitsidwa, ndiye buku loyamba bwino chonchi lisamawonjezere nkhuni pamoto womwewo. Kaikanso Lucifer pakati pa mayina a Chihebri, chonsecho ndi liwu la Chilatini lomasulira Yesaya 14:12, ndime yonena za mfumu ya Babulo.

Amene mukufuna dzina la mwana, kaguleni, koma muwerenge Baibulo lili pambali ndipo mulekezere pamene mndandanda wa 72 wayambira. Ndikadakondanso kakadapezeka m'Chichewa kapena m'Chishona, kuti amayi anzanga a Chigwirizano awerenge okha.

Mwana anabadwa wamkazi, pa opaleshoni, ndipo amayi ake anachezera masiku angapo ali mutu uli pansi asanatsitsimuke. Tsiku lotuluka m'chikuta ndinamutcha Rafaela.