Chingwe chokhomera laputopu ndi ntchito ya mmisiri wa ku Ulongwe

Ndili ndi kashopu kotayipa makalata ndi kukopa mapepala kufupi ndi msika wa ku Ulongwe, kuno ku Angónia m'dziko la Mozambique. Laputopu imakhala patebulo tsiku lonse, anthu ali piringupiringu, ena ndi ma BI (zitupa za unzika), ena ndi ma CV. Chingwe chokhomera laputopuyi ndinagula kwa mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni momwe muno, ndipo ndi yemweyo anandichotsera mavairasi. Zonse ziwiri ndakhutira nazo, ngakhale pali pena pofunika kuchenjera.

Chingwecho ndi waya wachitsulo wopota, wokutidwa ndi pulasitiki. Mutu wake umalowa pakabowo ka m'mbali mwa laputopu kotchedwa Kensington, n'kukhoma ndi manambala anayi. Musanatulutse ndalama yang'anani kaye ngati makina anu ali ndi kabowoko, chifukwa malaputopu ambiri opyapyala a masiku ano alibe, ndipo ena kawo ndi kakang'ono koti mutu wamba sulowa. Pomanga paja mmisiriyo anandiletsa kukoleka kumwendo wa tebulo. Ananyamula tebulo pang'ono, chingwe n'kupululuka chokha ine ndikuona. Tinachizunguliza kuchitsulo cha pawindo.

Tsopano ndikhoza kutembenukira ku makina okopera mtima uli m'malo. Wongotola n'kuthawa sangaphule kanthu. Koma wobwera usiku ndi chodulira zitsulo chingwe sichingamuletse, n'chifukwa chake poweruka laputopu imalowa m'chikwama n'kupita nane kunyumba. Chondidandaulitsa n'chakuti manambala ake ndi aang'ono kwambiri, magetsi akathima madzulo ndimachita kuunikira ndi foni.

Pamene ndalama yanga inagwiradi ntchito ndi pa mavairasi. Aliyense wogwira ntchito ngati yangayi akuidziwa nthenda ya mafulashi. Aphunzitsi abwera ndi fulashi yadutsa m'makompyuta a masukulu angapo, mulowetse, mafoda onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona, eni ake manja ali m'mutu kuti mayeso a ana apita. Mnyamatayu sanangokonza n'kundibwezera. Anandikhazika pambali pake n'kundionetsa kuti mafayilo aja sanafufutike ayi, vairasi imangowabisa n'kuika tizithunzi tonyenga m'malo mwake, ndipo mukadina kamodzi mwayitsegulira nokha khomo lolowera m'kompyuta yanu. Anawatulutsa poyera onse ine ndikupenya. Kuyambira pamenepo fulashi ya munthu aliyense, kaya ndi abwana ochokera ku boma, ndimayamba ndaisanthula ndisanatsegule kanthu.

Anachotsanso antivairasi imene inabwera ndi laputopuyi, yomwe inali itatha kale nthawi, n'kuyatsa Microsoft Defender imene imabwera yaulere mu Windows 10 ndi 11. Apa ndi pamene ndinamukhulupirira, pakuti akanatha kundigulitsa pulogalamu ina n'kudyapo. Anangondiuza kuti Defender imafuna intaneti kuti izizindikira mavairasi atsopano, choncho ndimapatula mamega a Movitel oti izidzikonzera. Sanandibisirenso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndiye ndiyambe kuganiza zosamukira ku 11.

Chimene sindinkachiganizira n'komwe ndi zikalata za anthu. Mu laputopu yangayi muli ma BI, manambala a msonkho a NUIT ndi makalata a eni ake. Itabedwa, si ine ndekha wolira. Anandiyatsira BitLocker, imene imapezeka mu Windows Pro, kuti wakuba asawerenge kanthu ngakhale atachotsa disiki n'kukaiika m'makina ena. Kiyi yake yopulumutsira ndi ya manambala 48. Ndinailemba m'kope losungidwa kunyumba, limodzi ndi disiki yapadera yomwe ndimakoperamo ntchito yonse, chifukwa kiyi imeneyi ikatayika nanunso mukhoza kudzitsekera kunja.

Pomwe sanachite bwino ndi pa nthawi. Anati mawa, mawa lake linatalika, ine makasitomala ndikubweza. Ali yekha ndipo ntchito imamuchulukira. Mukamapita naye makina musasankhe sabata yoti masukulu akukonzekera mayeso, ndipo muumirire kuti mukhalepo pokonzapo kuti muone ndi maso anu mmene mafayilo obisika amatulutsidwira.