Oyilo wa galimoto yakale: 20W-50, synthetic kapena wa dizilo?

Anzanga amene timasunga magalimoto akale sasiya kundifunsa za oyilo, ndiye ndiyankhe kamodzi aliyense adziwerengere. Ndineneretu kuti ndili ndi mbali yanga, ndipo pali oyilo wina amene ndimamusungira chakukhosi. Tanthauzo la manambala ngati 20W-50 sindilitambasula, woyendetsa galimoto ya m'ma 1960 kapena 1970 amalidziwa kale; mwachidule, manambala akakula oyilo ndi wolemera, akachepa ndi wopepuka.

Tiyambe ndi wachakukhosiyo: oyilo wopepuka wamakono, 5W-30 kapena 0W-20, wolembedwa API SN kapena SP (zilembo za muyezo wa oyilo pa chigubu). M'galimoto yatsopano palibe chomunenera. Mu injini yakale, makamaka yongomangidwa kumene, ndi mdani.

Peugeot 404 yanga inali itangoikidwa camshaft (shafiti ya malinunda yotsegula mavalavu) yatsopano pamodzi ndi ma tappet ake, zitsulo zimene malinundawo amakankha. Nthawi ya sevisi yoyamba itakwana, pa galaja ina anakhetsa oyilo amene analimo n'kuthiramo 5W-30 wa m'diramu, yemweyo amene amathira m'galimoto iliyonse yofika pamenepo. Sanandifunse, sanandiuze. Pa lisiti anangolemba kuti oyilo wapamwamba, mtengo n'kukweza. Choyamba kudandaula linali getsi la oyilo: injini ikatentha galimoto itaima, linkaphethiraphethira. Kenako kunayamba kugogoda pang'ono pamwamba pa injini. Makaniko wanga anakonza mpata wa mavalavu, phokoso linaleka, koma posakhalitsa linabwerera pa valavu yomweyo. Mpata ukamangokula pa valavu imodzimodzi, dziwani kuti mkati chitsulo chikudyeka. Titakhetsera oyilo m'beseni n'kupita naye padzuwa, ankanyezimira ndi tizitsulo. Titamasula, linunda limodzi la camshaft linali litatheratu, ndipo tappet yake, imene pansi pake pamayenera kukhala posalala, inali itakumbika ngati supuni.

Chimene chinandiwawa si mtengo wa camshaft wokha. Ikadyeka simusintha yokhayo ayi, ma tappet onse 8 amapita nayo limodzi. Tizitsulo tija timakhala titazungulira kale mpaka ku maberingi ndi pampu ya oyilo, ndiye injini iyenera kutsitsidwa, njira zonse za oyilo zitsukidwe, magasiketi agulidwe ena. Ndipo zida za galimoto imene anasiya kupanga kalekale sizipezeka tsiku limene mwazifuna. Eni galaja anakana mlandu, akuti anathira oyilo woposa aliyense amene analipo nthawi imene galimotoyo inkapangidwa. Pa zina akunena zoona. Pa camshaft ayi.

Nkhani yagona pa mankhwala otchedwa ZDDP, okhala ndi zinc ndi phosphorus, amene akhala akuthiridwa mu oyilo kuyambira m'ma 1940. Mu injini zakale linunda la camshaft limakwecha tappet yafulati mopanikiza kwambiri, moti oyilo amafinyika n'kuthawa pakati pawo. Pamenepo ZDDP akatenthedwa amayala kachikopa kopyapyala pamwamba pa chitsulo, ndipo kamadyeka ndi kachikopako m'malo mwa chitsulocho. Injini zambiri zamakono zili ndi ma roller amene amagudubuzika, sizifuna ZDDP wochuluka. Komanso phosphorus amawononga catalytic converter, chida cha ku ekizozi chochepetsa utsi woipa, ndiye opanga malamulo a oyilo anayamba kumuchepetsa. Mu 2004, ndi miyezo ya API SM ndi ILSAC GF-4, malire a phosphorus anafika pa 800 ppm (magawo 800 pa miliyoni) mu oyilo wopepuka, kuyambira 10W-30 kutsika m'munsi. Oyilo wopangidwira camshaft zakale amakhala cha pa 1,200 ppm kapena kupitirirapo. Galimoto ya 1968 ilibe catalytic converter, choncho mukathira wamakonoyo mukuteteza chida chimene mulibe, chimene muli nacho chikudyeka.

Wanga ndi 20W-50 wa mineral (woyengedwa wamba, osati synthetic), ndipo sindisintha. Malire a 800 ppm aja samukhudza. Injini zakale zili ndi mipata yotakasuka ku maberingi, ndiye oyilo wolemerayu amagwira puresha ngakhale injini itatentha, getsi silivutitsa. Magalimoto ambiri a nthawi imeneyo anakulira pa iyeyu. Mini, imene inatuluka mu 1959, imagwiritsa oyilo mmodzi mu injini ndi m'giyabokosi, magiya amamupondaponda tsiku lonse, ndipo eni ake mpaka lero amathira 20W-50. Castrol GTX anatuluka mu 1968 ali 20W-50. Masiku ano kuli Castrol Classic XL 20W-50, Valvoline VR1 20W-50, ndi ena a Penrite ndi Millers opangidwira magalimoto akale. Koma apa pali msampha. Kusakhudzidwa ndi malire sikutanthauza kuti 20W-50 aliyense ali ndi zinc wokwanira, ndipo chithunzi cha galimoto yakale pa chigubu si umboni. Fufuzani pa intaneti pepala la wopanga lofotokoza zimene zili mkati. Ngati nambala ya zinc kapena phosphorus sanaitchule, ine ndimamusiya pomwepo. Kufooka kwake ndi kuwiri: kumalo ozizira kwambiri amachedwa kuzungulira mukangoliza injini, komanso amamwetsako petulo pang'ono.

Synthetic, oyilo wochita kupangidwa mwa sayansi, sindidana naye, bola akhale wolemera. Mobil 1 alipo kuyambira 1974, ndipo 15W-50 wawo ali ndi zinc wochuluka kuposa abale ake opepuka. Pa kutentha palibe womuposa, n'chifukwa chake amayenera injini zoziziritsidwa ndi mpweya ngati ya Porsche 911 yakale, kapena galimoto imene mumaithamangitsa kwambiri. Injini ikhale yomangidwanso ndi masilo amakono. Koma mu injini imene sinamasulidwepo zaka zambiri, ya magasiketi a cork ndi silo ya chingwe kumbuyo kwa crankshaft, oyilo ameneyu amatsuka matope amene anatseka ming'alu, ndipo mumayamba kupeza madontho pansi pomwe mwaimika. Za mtengo nazo sizimuyendera bwino. Mumamulipira chifukwa amakhala nthawi yaitali osatha mphamvu, koma galimoto ya kabuleta ndi choko imadonthetsera petulo mu sampu, ndipo ikamangokhala osayenda mumalowa chinyezi. Oyilo wake ayenera kukhetsedwa kamodzi pa chaka ngakhale mwayenda makilomita ochepa. Ndiye mukukhetsa wodulayo asanagwire ntchito imene munamugulira.

Wa dizilo, 15W-40 ngati Shell Rotella kapena Chevron Delo, ndimamuika pachiwiri. Kale anali pothawira pa ambiri chifukwa cha zinc wake. Kuyambira 2006, ndi API CJ-4, nayenso anamuikira malire a phosphorus, 1,200 ppm, koma amenewo ndi okwanirabe camshaft yafulati. Mankhwala otsukira ali nawo ambiri, opangidwira mwaye wa dizilo, ndiye mu injini yamatope musamuthire n'kuiwala, sinthani fyuluta msanga.

SAE 30 kapena 40 wopanda mankhwala otsukira ndi wa injini zakale kwambiri zopanda fyuluta, kumene litsiro limayenera kudikha pansi pa sampu. Ngati injini yanu ili ndi fyuluta, si wanu. Volkswagen Beetle yakale ili ndi kasefa ka waya basi, ndiye kaya muthire uti, khetsani pa makilomita 5,000 ndi kutsuka kasefako.

Tsono timabotolo ta zinc timene ena amathira pamwamba pa oyilo wamakono. Ine ayi. Opanga oyilo amayeza mankhwala onse kuti agwirizane, ndipo ZDDP ndi mankhwala otsukira amalimbirana malo pa chitsulo chomwecho. Mukathira mongoyerekeza simudziwa kuti mwafika pa nambala yanji, ndipo ZDDP akachulukitsa amayamba kudya chitsulo chimene amayenera kuteteza. Pa camshaft yatsopano pali oyilo wake woyambira, wokhala kale ndi zinc wokwanira. Muthireni ameneyo, lizani injini pa 2,000 mpaka 2,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) kwa mphindi 20 zoyamba osailola kugwera pansi, ndipo akadzakhetsedwa alowe m'malo mwake ndi 20W-50 amene nambala yake mwaiona ndi maso anu.