Ulendo wa pa basi wa ku Ludlow: tawuni ndi yabwino, koma atigulitsa msika pa tsiku lopanda msika

Kampani ya basi ndaipatsa nyenyezi ziwiri, ndipo imodzi mwa ziwirizo ndi ya bambo dalaivala. Ndikunena za ulendo wa tsiku limodzi wochokera ku Birmingham kupita ku Ludlow, m'dera la Shropshire kufupi ndi malire a Wales, umene amautsatsa ndi chithunzi cha msika wodzaza tchizi, buledi ndi maapulo, linga lakale la Ludlow Castle likuonekera kumbuyo. Mtengo wake si wamasewera kwa munthu wolipidwa pa ola, komanso chakudya chamasana ndi tikiti yolowera m'linga mulibemo. Chandilembetsa ndi chakuti kampaniyi ulendowu imauyendetsa Lachiwiri.

Aliyense woidziwa Ludlow akudziwa kuti msika wa pa Castle Square umachitika Lolemba, Lachitatu, Lachisanu ndi Loweruka. Lachinayi la sabata yachiwiri ndi la sabata yachinayi ya mwezi pamabwera alimi a m'deralo ndi zokolola zawo, ndipo Lamlungu lina ndi lina pamakhala ogulitsa zinthu zakale kapena zaluso zamanja. Lachiwiri msika umapuma. Zili ngati msika wa kabwandire kwathu, ukalakwitsa tsiku ukapeza mabenchi okhaokha. Masiku amenewa si chinsinsi ayi, khonsolo ya tawuniyi ndiyo imayendetsa msikawu ndipo inawalemba poyera pa intaneti. Kampani imene ntchito yake ndi kunyamula anthu kupita nawo kumeneko singanene kuti sinkadziwa.

Basi itafika, anthu anatsika ndi zikwama zawo zogulira zinthu, ena atanyamula zikwama zoziziritsa zoti aikemo tchizi ndi nyama. Pabwalo panali pululu. Mayi amene ankatitsogolera atafunsidwa, anayankha kuti msika umatengera nyengo. Tsikulo dzuwa linali phwee, ndiye nyengo yake iti? Atapanikizidwa anasintha mawu, akuti ogulitsa mwina achedwa, tidikire pang'ono. Apa ndi pamene zinandipweteka kwambiri, chifukwa anthu achikulire anawakhulupirira, nakhala pamabenchi kudikira msika umene sukanabwera, pamene nthawi yonse imene kampani inapereka m'tawunimo inali maola atatu okha. Akanangonena chilungamo m'basi momwe, kuti pepani lero kulibe msika koma pitani kwakuti ndi kwakuti, anthu akanadandaula pang'ono n'kupulumutsa tsiku lawo. Mmalo mwake mayiwo anapita kukamwa tiyi, ndipo amene anawauza anthu zoona anali wogulitsa m'sitolo ina yapafupi. Pobwerera, wina atakwezanso nkhaniyi, anati pachikalata chotsatsa palembedwa kuti "tawuni ya msika", sipanalembedwe kuti mukaona msika. Ndiye chithunzi chija anachiikiranji? Kumeneko ndi kubera anthu masana dzuwa likuswa mtengo.

Kwa amene mwagula kale tikiti ya Lachiwiri, musataye mtima ndipo musadikire pabwalo. Ludlow inatchuka ndi zakudya chifukwa cha masitolo ake ang'onoang'ono, ndipo ambiri amatsegula ngakhale msika kulibe. Lowani m'timisewu topapatiza ta pakati pa Castle Square ndi nyumba yakale ya msika yotchedwa Buttercross, monga Church Street ndi High Street, kenako King Street mpaka ku Bull Ring. Muli mabutchala opanga okha masoseji, ophika buledi ndi ogulitsa tchizi. Mukaipeza fidget pie, igulani: ndi chakudya cha ku Shropshire, mkati mwake muli nyama ya nkhumba, maapulo ndi anyezi, ndipo imadyeka ngakhale yozizira. Amene safuna nkhumba afunse kaye, chifukwa m'zophika zambiri za kuno imakhalamo. Chikondwerero chachikulu cha zakudya chimachitika mu September m'bwalo la linga, chinayamba mu 1995, ndipo masiku amenewo malo ogona amatha msanga.

Bodza lachiwiri linali la makhadi. Tili m'njira mayi aja analengeza kuti amene ali ndi khadi ya umembala ya English Heritage kapena National Trust, mabungwe osamalira malo akale, alowa m'linga ulere. Si zoona. Ludlow Castle si ya mabungwe amenewo, ndi ya banja la Earl of Powis, limene linagula malowa mu 1811. Pakhomo mumalipira ngati wina aliyense. Ogwira ntchito pakhomopo anafotokoza mwaulemu, koma zinkaoneka kuti aka sikanali koyamba kulandira gulu louzidwa zimenezi, ndipo mzere unaima chifukwa cha kukangana kumene kukanapewedwa.

Komabe ndinene zoona, ndalama ya pakhomo la linga siwawa mukangolowa. Linayamba kumangidwa ndi banja la de Lacy patangopita zaka zochepa ma Norman atalanda England mu 1066, ndipo lili pamwamba pa chitunda choyang'ana mtsinje wa Teme. Mukalowa mumayamba mwadutsa bwalo lalikulu la udzu, kenako mlatho wa pa ngalande youma umene umakulowetsani m'bwalo lamkati. Musathamangire kukwera nsanja. Yambani ndi katchalitchi kozungulira ka St Mary Magdalene kamene kali pakati pa bwalo lamkatilo, ka zaka za m'ma 1100. Matchalitchi ozungulira chotere ndi ochepa kwambiri m'dziko la England, ndipo khomo lake lili ndi mizere yokhotakhota yosemedwa pamwala imene ikuonekabe bwino. Kuseri kwake kuli zipinda zimene munkakhala ana a mafumu. Edward V anakulira muno, ndipo mu 1483 bambo ake atamwalira ananyamuka kuno ali ndi zaka 12 kupita ku London, kumene anakazimirira mu Tower of London. Arthur, mwana woyamba wa Henry VII, anabwera kuno ndi mkazi wake Catherine of Aragon, n'kumwalirira momwemu pa 2 April 1502 ali ndi zaka 15. Mkazi wamasiyeyo anadzakwatiwa ndi mng'ono wa Arthur, Henry VIII, ndipo kutha kwa ukwati umenewo ndi kumene kunachititsa kuti mpingo wa ku England upatukane ndi Roma. Akhristu a Anglican kwathu angachite chidwi kuima m'malo amenewa. Zonsezi wotitsogolera sanatchuleko n'chimodzi chomwe, mumaziwerenga nokha pazikwangwani. Kuchokera muno bungwe la Council of the Marches linkalamulira Wales ndi madera a m'malire mpaka 1689, ndipo litathetsedwa nyumbazi zinasiyidwa n'kuyamba kugumuka. Ndiye chifukwa chake denga kulibe pafupifupi paliponse. Mvula ikagwa mulibe pobisala, choncho jekete yamvula ndi yofunika kuposa ambulera, imene mphepo ya pamwamba pa nsanja imaipinda. Masitepe a nsanja yaikulu ndi ozungulira, opapatiza, ndipo miyala yake inasalala ndi mapazi a anthu. Nsapato zazitali zidendene kapena masilipasi musayese. Linga lokha limafuna ola limodzi ndi theka kuti mulione mosathamanga.

Malo amene anandibwezera mtima pansi ndi tchalitchi cha St Laurence. Chabisika kuseri kwa Buttercross, mumadutsa kanjira kopapatiza n'kungodzidzimuka chili patsogolo panu, chachikulu moti anthu amachitcha Cathedral of the Marches ngakhale chili cha parishi chabe. Kulowa mumangoponya chopereka, kukwera nsanja ndiye kumafuna mapaundi ochepa. Nsanjayo ndi yotalika pafupifupi mamita 41 ndipo masitepe ake ndi pafupifupi 200, opanda malo abwino opatukirana, choncho funsani pansi ngati pali gulu limene likutsika. Odwala mtima kapena maondo asakakamizike. Pamwamba mumaona tawuni yonse mmene anaiyalira kalekale, misewu yowongoka yotsetserekera ku mtsinje, linga kumadzulo, ndi phiri la Titterstone Clee kum'mawa lokhala ndi chimpira choyera cha radar pansonga. Nsanja amaitseka nyengo ikaipa kapena kukakhala mapemphero, ndiye ngati mwapeza yotsegula kwerani nthawi yomweyo, musati ndibweranso.

Mukatsika pitani kutsogolo kumene kumakhala kwaya. Pansi pa mipando yopindika pali timatabwa timene ansembe ankatsamirapo mapemphero akatalika, ndipo kunsi kwa kalikonse kuli chosema cha zaka za m'ma 1400. Pali nkhandwe yovala ngati bishopu ikulalikira kwa atsekwe, pali kadzidzi, pali mkazi wa m'madzi wa mchira wa nsomba atagwira kalilole. Chodziwika kwambiri ndi cha mayi wogulitsa mowa amene ankabera anthu pa muyezo, ziwanda zitamunyamula kupita naye kumoto. Anthu a tawuni ya malonda iyi wogulitsa wachinyengo sankamusekerera kuyambira kale. Pafupi pomwepo pali mwala wokumbutsa kuti mtima wa Arthur uja akuti unakwiriridwa muno, pamene thupi lake lili ku Worcester Cathedral. Odzipereka amene amalandira alendo m'tchalitchimu amadziwa zinthu, ndipo m'mphindi khumi anafotokoza zambiri kuposa zimene tinamva kwa munthu wolipidwa tsiku lonse.

Tsopano werengerani nokha: linga ola ndi theka, tchalitchi ndi nsanja ola limodzi, kudya theka la ola. Maola atatu atha. Ulendo wa pansi wa m'mbali mwa mtsinje, umene kwa ine ndi theka la ubwino wa Ludlow, sungakwanemo, pamene m'njira basi inaima nthawi yaitali pa sitolo ya maluwa ndi mphatso imene palibe anaipempha. Njira yake ndi iyi kwa amene mudzapite panokha. Kuchokera pa Buttercross tsikani Broad Street, msewu waukulu wa nyumba zokongola zanjerwa, mudutse pansi pa Broad Gate, chipata chokhacho chotsala mwa zipata zisanu ndi ziwiri za mpanda wakale wa tawuni. Pitirizani mpaka pa Ludford Bridge, pamene asilikali a mabanja a York ndi Lancaster, amene ankalimbirana ufumu, anayang'anizana mu 1459. Mukawoloka khoterani kumanja, mukwere ku Whitcliffe Common. Chithunzi cha linga chimene mumachiona pamapositikhadi onse chimajambulidwa pamenepo. Kanjira ka Bread Walk kamakutsitsani m'mbali mwa Teme mpaka pa Dinham Bridge, ndipo mukawolokanso mumakwera chitunda n'kutulukira pafupi ndi khomo la linga. Konse kuzungulira ndi pafupifupi ola limodzi. Mvula ikagwa pamakhala matope oterera, ndipo ngolo ya mwana kapena njinga ya olumala siyenda bwino m'malo ena. Chitunda cha Dinham n'chachifupi koma chimatha mpweya.

Bambo dalaivala ndiwayamikire mwapadera. Pobwerera anadzera msewu wa A4117 wokwera Clee Hill kulowera ku Cleobury Mortimer, anayendetsa mofatsa m'makhota, ndipo pamwamba, pamene nkhosa zimadya m'mphepete mwa msewu, anachepetsa liwiro kuti anthu aone chigwa. Anathandiza achikulire kutsika ndi kukwera, ndipo iwo okha ndi amene ananena mawu akuti pepani. Ofesi ya kampani itatumiziridwa dandaulo inakana kubweza ndalama, inangopereka kakuponi kochotsera pang'ono pa ulendo wina wa kampani yomweyo.

Langizo langa kwa abale a ku Birmingham, Manchester ndi madera ozungulira ndi lakuti pitani pa sitima, Lachisanu kapena Loweruka. Ludlow ili pa njanji ya pakati pa Shrewsbury ndi Hereford, ndipo sitima za Transport for Wales zochokera ku Manchester kupita ku Cardiff zimadutsa pamenepo. Ochokera ku Birmingham New Street amasinthira ku Shrewsbury kapena ku Hereford, ndipo kuchokera pa malo awiriwa ndi pafupifupi theka la ola. Kuchoka pa siteshoni ndi chitunda cha mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu kudzera Corve Street, ndipo m'njiramo mudutsa Feathers Hotel pa Bull Ring, nyumba ya matabwa osemedwa ya mu 1619 imene ndi yoyenera kuima n'kuiyang'anitsitsa muli tsidya lina la msewu. Fikani m'mawa msika usanathe zabwino, gulani zimene sizionongeka, koma nyama ndi tchizi muzigule pobwerera. Ogulitsa ambiri amalandira khadi, komabe sungani ndalama zachitsulo pang'ono. Obwera pa galimoto adziwe kuti malo oimika a pa Castle Street, amene ali pafupi kwambiri ndi msika ndipo ali ndi zimbudzi, amadzaza msanga Loweruka. A Galdeford ndi Smithfield amakhala ndi mpata, kungoti muyenda pang'ono. M'miyezi yozizira linga limatseka msanga ndipo kumada cha m'ma 4 koloko, choncho onani maola musananyamuke.

Amene muli ndi khadi ya English Heritage ija, kumene ikagwire ntchito ndi ku Stokesay Castle, makilomita pafupifupi 11 kumpoto, nyumba imene wamalonda a ubweya wa nkhosa, Laurence of Ludlow, anamanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200. Holo yake yaikulu idakali ndi denga lake la mitengo, ndiye ndi malo abwino tsiku la mvula. Mutsike pa siteshoni ya Craven Arms, mutafunsa kaye ngati sitima yanu iimapo, kenako muyende pansi pafupifupi kilomita imodzi ndi theka.