Tepi yoyera ya pa handulo: katunduyo ndi wabwino, koma pa shopu paja musasiyepo njinga

Ndapereka nyenyezi zitatu. Ziwiri ndi za tepiyo payokha. Yachitatuyo ndaiwonjezera mtima utatsika, chifukwa ndikanalemba izi sabata yomwe zinachitika ndikanapereka imodzi, mwinanso kufunsa ngati pali theka.

Ndinagula tepi yokulunga pa handulo ya njinga yanga yampikisano, ija ya mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Mtengo unali K38,000 bokosi, kuwonjezapo K5,000 yoti andikulungire. Ndinanena momveka kuti ndikufuna yoyera. Ndinaloza ndi chala bokosi loyera pa shelefu, pa lisiti analembanso kuti yoyera. Njinga ndinaisiya Lachitatu m'mawa n'kupita ku ntchito.

Kubwera madzulo, ndapeza njinga yatsamira khoma, handulo yonse ili bii, tepi yakuda.

Poyamba ndinkayesa si yanga. Koma chishalo choyera chija ndi changa, ndi kachipsera ka pa felemu ndikukadziwa. Ndimufunse mnyamata wa pamenepo, iye osadzutsa n'komwe mutu pa foni. Akuti, "Madala, tepi ndi tepi. Kuno yakuda ndiye yabwino, yoyera ija mawa lomweli ikhala itada. Takuthandizanitu." Liwu loti "takuthandizani" limenelo ndi lomwe linandikwiyitsa. Ndalama zanga, njinga yanga, manja ogwira pamenepo ndi anga, koma wina wandisankhira osandiimbira ngakhale foni, nambala yanga ili pa lisiti pomwepo. Bokosi loyera lija linali likadali pa shelefu, silinathe ayi. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, mukapita kwa telala ndi nsalu yoyera, iye n'kukusokerani yakuda ati poti simuchapa kawirikawiri, mungalandire?" Anangoseka. Anzake awiri omwe ankapopa tayala nawonso anaseka.

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga mukusekanso, kuti bambo wamkulu ndi ndevu zake akukangana za mtundu wa tepi. Sekani, koma taonani akabaza momwe amakongoletsera njinga zawo, khushoni ya mphonje, magalasi anayi, mawu olembedwa kumbuyo. Palibe amawauza kuti khushoni ndi khushoni. Njinga zampikisano nazonso zili ndi mwambo wake, ndipo mwambowo ndi wakale kuposa shopu imeneyo. Onani zithunzi za Eddy Merckx, munthu amene anapambana mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France kasanu pakati pa 1969 ndi 1974: zambiri mupeza handulo yake ili ndi tepi yoyera ya nsalu yathonje. Nthawi imeneyo tepi kawirikawiri inali nsalu yopyapyala basi, ena ankaipaka vanishi kuti ikhalitse. Kenako kunabwera ya pulasitiki yonyezimira ya kampani ya Benotto, yamitundumitundu, yoterera ikanyowa koma anthu ankaifera chifukwa cha kuwala kwake. M'zaka za m'ma 1980 a kampani ya Cinelli anatulutsa yofewa yosakaniza ndi khungwa la mtengo wa cork, ndipo matepi ambiri omwe tikugula lerowa ndi zidzukulu za imeneyo. Zasintha zonsezi, koma yoyera sinachoke. Akatswiri amaikonda chifukwa ali ndi amakaniko owatsukira ndi kuwasinthira pafupipafupi, ndiye munthu wamba ukaika yoyera ukunena kuti njinga yako umaisamala wekha ndi manja ako.

Palinso lamulo losalembedwa lomwe aliyense wa m'gulu lathu la Loweruka amalidziwa: tepi izigwirizana ndi chishalo. Chishalo choyera, tepi yoyera. Chakuda, yakuda. Mitundu inayo ili ndi eni ake. Yachikasu ndi ya amene akutsogola mu Tour de France, kutsatira jezi yachikasu yomwe inayamba mu 1919. Yapinki ndi ya wotsogola mu mpikisano wa ku Italy wa Giro d'Italia, komwe jezi yapinki inayamba mu 1931. Mtundu uja wobiriwira motuwa ngati thambo, umene amautcha celeste, ndi wa njinga za Bianchi, ukauika pa njinga ina anthu amakuyang'ana ngati wavala yunifolomu ya sukulu yomwe sunaphunzireko. Palibe amene angakumange ukaphwanya zimenezi, ndipo achinyamata ambiri sasamala n'komwe. Koma ine ndinasunga ndalama miyezi iwiri kuti chishalo ndi handulo zifanane, ndiye wina azindiuza kuti tepi ndi tepi?

Mwini shopu anatulukira atamva phokoso. "Pepani bambo" wake anali wa pakamwa chabe, maso ali pa wotchi chifukwa inali nthawi yotseka. Analamula kuti asinthe. Mnyamata uja anasenda yakuda ija mokwiya, n'kukulunga yoyera mphindi zosakwana khumi, akung'ung'udza. Apa ndiye pomwe ndinalakwitsa ine: ndinaona kuti yayera, ndinakondwa, osayang'anitsitsa kakulungidwe.

Loweruka tinanyamuka mbandakucha ku Limbe ulendo wa ku Zomba, anthu asanu ndi mmodzi. Kupita kunalibe vuto, tinadutsa pa Njuli ndi pa Namadzi anzanga akuiyamikira njingayo, wina mpaka kuijambula. Tinakwera phiri mpaka ku Ku Chawe. Vuto linabwera potsika. Amene munatsikapo msewu umenewo pa njinga mukudziwa kuti manja amakhala kumunsi kwa handulo, zala zili pa mabuleki, makona akubwera motsatizana ndipo mbali inayo ndi phompho. Pa kona ina ndinamva dzanja lamanzere likutsetsereka, ngati ndagwira nsomba yamoyo. Tepi inali ikuzungulira pa chitsulo pamodzi ndi dzanja langa. Ndisanaganize chochita, chotsekera cha kumapeto kwa handulo chinafwamphuka n'kugubuduka kulowa m'tchire, tepi n'kuyamba kumasuka, mchira wake ukukupiza cha ku tayala lakutsogolo. Ukanalowa m'masipoko, ndemanga ino bwenzi akulemba ndi akazi anga. Ndinagwira buleki yakumbuyo pang'onopang'ono, mtima uli phaphapha, mpaka ndinaima m'mphepete miyendo ikunjenjemera.

Mkulu wina wa m'gulu lathu, amene wapalasa njinga zotere zaka zambiri kuposa tonsefe, anaiyang'ana kamodzi kokha n'kupukusa mutu. Mnyamata uja anakulunga mbali zonse ziwiri mozungulira kumodzi. Pamene zimayenera kukhala ngati munthu ndi chithunzi chake pa galasi: ukakhala pa chishalo, ya kumanja imazungulira monga muvi wa wotchi, ya kumanzere mobwerera, kuti manja akamafinya ndi kupotokera kunja azimangitsa tepiyo. Ya kumanja inali bwino mwangozi. Ya kumanzere dzanja langa linkaimasula pang'onopang'ono kuchokera ku Limbe. Komanso poyambira sanasiye mlomo wa tepi woti ulowe m'kati mwa chitsulo kuti chotsekera chiugwire, n'chifukwa chake chotsekeracho chinali chogwedera. Ndipo chotsekera si chokongoletsera. Chitsulo cha handulo chosatseka chimaboola ntchafu kapena mimba munthu ukagwa, n'chifukwa chake pa mipikisano salola njinga yopanda zotsekera.

Titafika m'tauni ya Zomba, wakabaza wina anatipatsa legeni, tinamanga nalo mbali yomasukayo. Tangoganizani, tepi ya K38,000 yagwiridwa ndi mphira ya chubu chakutha. Wakabazayo anakana ndalama, anangoti, "Bwana, ifetu timangokulunga malegeni omwewa, samasuka." Ndinapalasa makilomita opitirira 60 kubwerera ku Blantyre ndi legeni likulendewera, anzanga akundiseka njira yonse.

Lolemba ndinapita ku shopu kuja. Yankho lake: katundu wogulidwa sabwezedwa, zotsekera sagulitsa pazokha, ndikafuna ndigule bokosi lina. Sanafunse n'komwe ngati ndinavulala. Pamenepo ndiye ndinatsimikiza kuti njinga yanga sidzagonanso pamalo amenewo.

Tsopano za tepiyo, poti ndiyo ndinagula. Apa ndilankhule chilungamo, ndi yabwino kuposa momwe ndinkayembekezera. Tinaimasula yonse ndi mkulu uja pakhonde pake n'kuikulunganso. Ndinkaopa kuti ing'ambika kapena guluu wake atha mphamvu, popeza aka kanali kachiwiri. Sinang'ambike. Imatamuka bwino ukaikoka, guluu wake ndi wochepa moti sasiya zinyalala pa chitsulo, ndipo kutalika kwake kunakwanira ngakhale tinaidutsitsa mopingasa pa mabuleki kuti pasaoneke chitsulo. Tinayambira kumapeto kukwera m'mwamba, mzere uliwonse ukuphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a unzake. Timatepi tomalizira ta m'bokosimo n'topanda ntchito, timamatuka dzuwa likawomba, tinamalizira ndi tepi yamagetsi yoyera.

Papita miyezi inayi tsopano ndipo sinasunthe ngakhale pang'ono. Mvula inatipeza pa msewu wa ku Thyolo, ndinalibe magolovesi, koma manja sanaterereke. Ndi yochindikala ndithu, moti dzanzi lomwe ndinkamva m'zala ndikapalasa maola atatu pa misewu yathu ya zigamba lachepa kwambiri. Akatswiri pa mpikisano wa Paris-Roubaix, wa misewu ya miyala ija, ena amakulunga tepi kawiri kuti manja asaphweteke. Ine ndi imodzi yomweyi ndakwanitsa, ngakhale maenje ena a kuno angapikisane ndi miyala ya kumeneko.

Chomwe chikundiwawa kuvomera n'chakuti mnyamata uja sananame pa nkhani ya kuda. Fumbi la mwezi wa Okutobala likasakanikirana ndi thukuta, tepi imasanduka mtundu wa tiyi wamkaka pa maulendo awiri okha. Mukadutsa pomwe akukonza msewu, katondo amalowa m'timizere tonse. Tsiku lina tcheni chinagwa, ndinachibwezeretsa ndi manja n'kuiwala, zala zisanu zakuda zinadindika pa handulo ngati ndasaina kwa amfumu. Ndimaitsuka Lamlungu lililonse ndi sopo wotsukira mbale, madzi ofunda ndi mswachi wakale. Imayera ndithu, koma osati mbee ngati tsiku loyamba, ndipo pamwamba pafupi ndi mabuleki, pomwe manja amakhalitsa, patuwa kosabwerera. Akazi anga amati ndimasamala handulo kuposa kolala ya shati yanga ya ku tchalitchi. Ngati mulibe mtima wotsukatsuka, gulani yakuda, palibe chamanyazi. Koma mugule mwasankha nokha.

Mnyamata uja ndinakumana naye mwezi watha pa malo omwetsera mafuta, ndikupopa tayala. Anandizindikira, anabwera yekha, n'kuigwira handuloyo akuizungulira. Anafunsa kuti, "Madala, anakukulungirani ndani chonchi?" Nditamufotokozera za kumanja ndi kumanzere, anadabwa zenizeni. Akuti palibe anamuuzapo, iye anazolowera njinga za kumapiri ndi zakabaza zomwe umangolowetsa zogwirira za mphira, ndipo njinga ngati yanga zimabwera mwa apo ndi apo. Anapepesa, ulendo uno kochokera pansi pa mtima. Ndiye mkwiyo wanga wachoka pa iye, watsala pa abwana ake, amene amalandira K5,000 ya ntchito yomwe sanaphunzitse munthu, n'kukana ngakhale kachotsekera kamodzi.

Tepiyi ndidzagulanso, yoyera yomweyi, mwinanso pa shopu pomwepo chifukwa kwina sindinaione. Koma ndidzatsegula bokosi pa kauntala, kuwerenga zotsekera kuti zilipo ziwiri, n'kupita nalo kunyumba. Pakadali pano kumanja kuli chotsekera choyera, kumanzere chakuda chomwe mkulu uja anachotsa pa njinga yake yakale, ndipo aliyense wa m'gulu lathu amayamba waona chimenecho asanandipatse moni.