Dikishonale ya Oxford Advanced Learner's, nditaiyesa ndi mawu oti "travel"

Ndimaphunzitsa Chingerezi ku Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo dikishonale iliyonse yofuna kulowa m'kalasi mwanga ndimayamba ndaiyesa ndi mawu oti "travel". Ana amawadziwa kuchokera ku pulayimale, koma ikafika nthawi ya chimangirizo cha MSCE mumapeza alemba kuti "I had a nice travel to Zomba", malikisi n'kupita.

Oxford Advanced Learner's Dictionary, yokonzedwa kachi 10, yomwe inatuluka mu 2020, vutoli imalithetsa ndi kachilembo kamodzi, U, kosonyeza kuti "travel" ndi dzina la chinthu chosawerengeka kuti chimodzi, ziwiri ("uncountable"). Palibe "a travel". Ulendo umodzi wa ku Zomba ndi "trip" kapena "journey", ndipo m'bukumu muli kabokosi kosiyanitsa mawuwa ndi "tour" komanso "excursion". Kabokosi kameneka kokha ndi phunziro lathunthu. Imasonyezanso "travels", pokamba za maulendo a munthu amene wayendayenda m'mayiko.

Pomwe inandigwira mtima kwenikweni ndi pa mneni. Mwana akuganiza kuti "travel" ndi kukwera basi basi, koma dikishonale ikumuonetsa kuti kuwala ndi phokoso nazo zimachita "travel", nkhani nayonso, monga mu "news travels fast". Vinyo kapena chakudya chimene sichiwonongeka panjira amati "it travels well", ndipo mawu omwewo amanenedwa pa buku kapena ganizo lomwe lalandiridwa bwino kudziko lina. Pa basketball, kuyenda ndi mpira m'manja osaumenyetsa pansi ndi cholakwa chotchedwa "travelling". Anyamata anga omwe amasewera anachizindikira pomwepo, ndipo ndiwo anafotokozera anzawo. Ambiri mwa matanthauzowa ali ndi chiganizo chachitsanzo chachifupi, chomwe mwana wa Fomu 2 angachimve popanda mphunzitsi.

Si zangozi ayi. Bukuli analiyambitsa ndi A. S. Hornby, amene anaphunzitsa Chingerezi ku Japan, ndipo Oxford inalisindikiza koyamba mu 1948. Analembera anthu ophunzira chilankhulo cha eni, monga ife tomwe. N'chifukwa chake limakuuzani kuti ku Britain amalemba "travelled" pamene ku America amalemba "traveled". Ife timatsata kalembedwe ka ku Britain, choncho ana anga ndimawauza kuti aziika ma l awiri.

Zovuta zilipo. Ndi lolemera, zilembo zake n'zing'onozing'ono kwa wowerenga pa nyali, ndipo mtengo wake si wa kholo lililonse. Zitsanzo zambiri zimanunkha ku Ulaya. Ngati muli ndi foni ndi bandulo, matanthauzowa alipo pa intaneti mwaulere, ndi katchulidwe ka ku Britain ndi ku America komwe. Koma kwa sukulu imene ana saloledwa foni, aphunzitsi aakulu agule mabuku angapo, akhale mu laibulale momwe ana angawafikire, osati otsekeredwa mu ofesi.