Mawaya a mapulagi pa Corolla atadutsa chilimwe cha ku Chigwa cha Shire

Mawaya atsopano amene anaikidwa pa ma Corolla a injini za 4A-FE ndi 5A-FE, oyenda pakati pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula, tsopano aona chilimwe chonse ndi mvula yomwe. Zaonetsa kuti moyo wa waya umadalira kwambiri girisi wa silikoni ndi masiili (malabala otchinga oilo) a tapeti kava, chivundikiro cha pamwamba pa injini, osati dzina la pabokosi.

Pomwe panapakidwa kadontho ka girisi wa silikoni mkati mwa labala wovala pulagi, labalayo akuzuka mukangopotoza kamodzi. Pomwe sanapake, wamatirira pa choyera cha pulagi. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, ndiye injini ikakweranso phiri la Thabwa kupita ku Blantyre, labala wotchipa amauma mpaka kusweka pomukhudza. Mawaya a makampani a NGK ndi Denso apirira bwino. Koma ngakhale iwo agonja pa injini zimene masiili ake akudontha. Oilo amadzaza m'dzenje la pulagi, labala amatupa n'kufewa ngati nsima ya dzulo, ndipo amang'ambika mukamakoka. Kusintha mawaya osasintha masiiliwo n'kungotaya ndalama.

Pochotsa waya wokanirira, dikirani injini izizire kaye. Gwirani labala, osati wayawo, chifukwa mkati mwake muli ulusi wa kaboni umene umaduka osaoneka kunja, kenako injini imayamba kudukiza pokwera mtunda. Potozani uku ndi uku mpaka mumve kuti wamasuka, ndiye mukoke molunjika. Akakana, thirani sipule ya silikoni m'mbali mwake mudikire mphindi 10. Petulo kapena mafuta a mabuleki ayi, amaononga labala.

Labala akang'ambika n'kutsalira pansi pa dzenje, pindani kawaya kolimba ngati mbedza mukokere zidutswazo, ndipo kachitsulo kotsala pamutu pa pulagi mukachotse ndi pulayala yaitali kukamwa. Musanamasule pulagi ndi soketi ya 16 mm, uzirani dzenjelo ndi mpweya. Fumbi la misewu ya kuno limadzaza mmenemo, ndipo likagwera mu silinda limakanda.

Waya wooneka bwino muyezeni ndi mita yoyezera zamagetsi. Toyota imati waya umodzi usapitirire makilo-ohm 25 (muyezo wa mmene waya akutchingira magetsi). Mwa mawaya otchipa ogulidwa pamsika, ambiri anali atadutsa mlingowu mvula isanathe, ndipo m'mawa wa chinyezi galimoto zinkavuta kulira. Usiku mukatsegula boneti injini ikuyenda, mumaona timoto tabuluu tikudumpha pa mawaya osweka.

Sinthani waya umodzi umodzi kuti musasokoneze dongosolo la 1-3-4-2 limene masilinda amayakira, pa disitiributa (chogawa moto ku mapulagi). Kanikizani labala mpaka mumve kachitsulo kakuti "tche" pa pulagi, ndipo mawayawo muwabwezere m'timapulasitiki towagwira kuti asagunde ekizozi.